Mayuro 325 pa sabata: kuunika thandizo lomwe boma la Ireland limapereka kwa anthu aluso

Pa 12 Malichi 2020 boma la Ireland linalamula kuti sukulu, makoleji ndi malo a zachikhalidwe atsekedwe pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19, ndipo kuyambira tsiku limenelo woyimba, wazisudzo, wovina, ngakhalenso munthu woyatsa magetsi a pasiteji, anapezeka kuti alibe kolowera. Malo ena ankatsegulidwa kwa kanthawi kenaka n'kutsekedwanso, ndipo ziletso zambiri zinachotsedwa mu Januwale 2022, patatha pafupifupi zaka ziwiri. M'nyengo imeneyo ndi momwe munabadwa ndondomeko yotchedwa Basic Income for the Arts, yomwe imalipira munthu waluso mayuro 325 sabata iliyonse. Ndakhala ndikutsatira malamulo ake ndi malipoti a kafukufuku omwe unduna woona za chikhalidwe m'dzikolo wakhala ukutulutsa, ndipo pano ndikuiyeza monga momwe tiyenera kuyezera ntchito iliyonse yoyendetsedwa ndi ndalama za misonkho, pofunsa ngati kuipeza n'kosavuta, ngati imafika kwa oyenera, ndiponso ngati zomwe imapereka zikulingana ndi vuto lomwe inabwerera.

Gwero lake ndi komiti yomwe nduna ya zachikhalidwe pa nthawiyo, Catherine Martin, inakhazikitsa mu 2020 kuti iunike momwe ntchito za luso zingadzukirenso mliri ukatha. Komitiyo, yomwe wapampando wake anali Clare Duignan, inatulutsa lipoti lake mu Novembala chaka chomwecho, ndipo mfundo yoyamba pa zonse inali yakuti boma liyese kupereka ndalama yokhazikika kwa anthu aluso kwa zaka zitatu. Mafomu anayamba kulandiridwa pa 12 Epulo 2022 ndipo anatsekera pa 12 Meyi. Anthu oposa 9,000 anapempha, oposa 8,200 anapezeka oyenera, ndipo mwa iwowa anthu 2,000 anasankhidwa mu Sepitembala 2022. Gulu lalikulu linali la ojambula ndi osema, anthu 707, kenaka oyimba 584, a zamafilimu 204, olemba 184 ndi azisudzo 173, pomwe ovina anali 32 okha ndipo a masewero a sekasi anali 13.

Kuti munthu amvetse chomwe chinali chachilendo apa, ayenera kuyang'ana zomwe maiko ena anachita. Mu Julayi 2020 boma la Britain linalengeza thumba la mapaundi 1.57 biliyoni lotchedwa Culture Recovery Fund, koma ndalama zambiri za m'thumbalo zinapita ku mabungwe, nyumba za zisudzo ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale, poganiza kuti nyumba zikapulumuka ndiye kuti anthu ogwiramo ntchito apulumukanso. Vuto ndi lakuti anthu ambiri aluso salembedwa ntchito yokhazikika ndi nyumba iliyonse. Amaitanidwa sewero likakhalapo, ndipo sewero likatha amabwerera kwawo. Bungwe la Arts Council England linapereka thandizo la mwadzidzidzi kwa munthu payekha, koma losapitirira mapaundi 2,500, ndipo linali la kamodzi. Mzinda wa New York nawo unapereka madola 5,000 kwa munthu mu 2021, koma wolandirayo ankayenera kukonza chionetsero kapena chochitika china chaulere choti anthu adzaonere. Dziko la France linali ndi poyambira pabwino, chifukwa kuchokera kale limalipira anthu a pasiteji pa nthawi yomwe alibe ntchito bola akwanitse maola 507 pa chaka, ndipo mliri utafika boma linangotalikitsa nthawi yolandira mpaka kumapeto kwa 2021. Ireland inalibe dongosolo lotere, ndipo inasankha kuyesa njira ina.

Chinthu choyamba chomwe ndikuyamikira ndi khomo lolowera. Wopempha ankayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposerapo, wokhala m'dzikolo, ndipo ankasonyeza kuti ndi waluso ndithu popereka umboni monga wakuti ndi membala wa bungwe lodziwika la aluso, wakuti analandirapo malipiro kuchokera ku luso lake, kapena wakuti ntchito yake inaonetsedwa, kusindikizidwa kapena kuseweredwa poyera. Panali njira ya aluso omwe ali kale pantchito, ina ya ogwira ntchito kuseri monga okonza zovala za m'sewero ndi okongoletsa siteji, ndiponso ina ya omwe angomaliza kumene maphunziro. Sanafunsidwe kuti alembe pulani ya chimbale kapena buku lomwe adzatulutse, ndipo sanafunsidwe kuti afotokoze momwe adzagwiritsire ntchito yuro iliyonse. Aliyense yemwe anaonapo fomu yopemphera thandizo la zaluso akudziwa kuti fomu zotere nthawi zambiri zimapindulira munthu wodziwa kulemba chilankhulo cha m'maofesi kuposa munthu wodziwa kuyimba, mwakuti wina amatha milungu ingapo akusema ziganizo zokometsera komiti m'malo mosema mtengo. Kuchotsa mtolo umenewu ndi chinthu chooneka chaching'ono papepala, koma kwa munthu wogwira ntchito yekha, wopanda mlembi kapena wowerengera chuma, ndi masiku ambiri obwezedwa m'manja mwake.

Nkhani ya kasankhidwe ndiyo yandiganizitsa kwambiri, ndipo ndikhalapo pang'ono. Anthu 2,000 aja sanasankhidwe ndi gulu la akatswiri oweruza kuti uyu ndi waluso kuposa uyo. Onse oyenera anaikidwa pamodzi popanda maina, ndipo kompyuta inachita maere. Nditamva koyamba ndinaona ngati boma likuthawa udindo wake, popeza maere sadziwa kusiyanitsa munthu wosauka ndi wopeza bwino, kapena mmisiri wa zaka makumi atatu pantchito ndi mnyamata yemwe wayamba dzulo. Koma ndikaganizira zomwe zimachitika komiti ikamasankha, mtima wanga umabwerera. Komiti imakhala ndi anthu, ndipo anthu ali ndi anzawo, ali ndi luso lomwe amalikonda ndi lomwe amalinyoza, ndipo amadziwa bwino aluso a mumzinda waukulu kuposa a kumidzi. Ngakhale komitiyo itakhala yoyera mtima chotani, wolephera amakhalabe ndi chikaiko chakuti panali kukondera. Ku South Africa mu 2021 anthu aluso, motsogozedwa ndi woyimba Sibongile Mngoma, anakakhala m'maofesi a National Arts Council ku Johannesburg kwa pafupifupi miyezi iwiri, akufuna kuti auzidwe momwe marandi 300 miliyoni a thandizo la mliri anagawidwira, bungwelo litalonjeza ndalama zoposa zomwe linali nazo kenaka n'kuchepetsa zomwe linali litavomereza kale. Maere amachotsa mkangano wa mtundu umenewo, chifukwa wosasankhidwa angadandaule za tsoka lake koma sangaloze chala munthu.

Komabe tiyenera kunena chilungamo kuti maere aku Ireland sanabwere chifukwa chofuna kuthetsa kukondera kokha. Ndondomekoyi inali yoyeserera, ndipo inakonzedwa ngati kafukufuku. Pambali pa anthu 2,000 olandira, anasankhanso anthu ena pafupifupi 1,000 mwa omwe sanachite mwayi, kuti azitsatiridwa popanda kulandira ndalama ya sabata ndi sabata, ndipo magulu onse awiri ankayankha mafunso miyezi isanu ndi umodzi iliyonse okhudza maola omwe agwira, ndalama zomwe apeza ndi kuwononga, komanso momwe akumvera mumtima. Kuti kufananiza kotere kukhale ndi tanthauzo, magulu awiriwo ayenera kukhala ofanana poyambira, ndipo palibe njira ina yochitira zimenezo koposa maere. Pa cholinga cha kafukufuku, njirayi inali yolondola kotheratu. Funso lomwe latsala ndi lakuti ngati chida chopangidwira kuyeza chingakhalenso njira yachilungamo yogawira thandizo kwamuyaya, ndipo pamenepa sindikukhutira. Anthu awiri okhala m'nyumba imodzi, oyimba m'gulu limodzi, osauka mofanana, wina akulandira mayuro 16,900 pa chaka pomwe mnzake sakulandira kanthu, ndipo kusiyana kwawo ndi nambala yomwe inatuluka m'kompyuta. Munthu angapirire zimenezi kwa zaka zitatu atauzidwa kuti ndi kuyesa chabe, koma zingakhale zovuta kuti azipirire moyo wake wonse.

Tikafika pa kuchuluka kwa ndalamayo, pali zoyamikira ndi zodandaula. Imaperekedwa mwezi ndi mwezi, ndipo mayuro 325 pa sabata amakwana pafupifupi mayuro 1,400 pa mwezi. Wolandira ndi womasuka kugwira ntchito ina iliyonse ndi kupeza ndalama zina popanda kuchotsedwa pa mndandanda, ndipo chuma chake sichinayezedwe popempha. Imeneyi ndi mfundo yanzeru, chifukwa ndalama za munthu waluso zimabwera ngati mvula ya chaka choipa, mwezi uno yambiri, miyezi inayi yotsatira kuli gwa, ndipo thandizo lomwe limadulidwa munthu akangopeza kenakake limamuphunzitsa kuopa ntchito. Ndalamayi imalipiridwa msonkho monga phindu la munthu wodzilemba yekha ntchito, zomwe ndikuona kuti n'zoyenera, popeza wopeza bwino amabweza gawo lalikulu kuboma kudzera mu msonkho pomwe wosauka amatsala ndi pafupifupi yonse. Wolandira ayenera kungokumbukira kupatula ya msonkho mwezi uliwonse, apo ayi kumapeto kwa chaka adzapezeka ali ndi ngongole yomwe sanaiyembekezere.

Chodandaulitsa ndi chakuti chiwerengero cha 325 chinaima pamodzimodzi zinthu zonse zikuyenda. Mu Okutobala 2022, mwezi wotsatira chilengezereni olandira, mitengo ya zinthu ku Ireland inali itakwera ndi 9.2 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali mayuro 10.50 pa ola mu 2022, ndipo pofika 2025 anali atafika pa mayuro 13.50. Tikachita masamu, poyambirira ndalama ya sabata imodzi inkafanana ndi malipiro a maola pafupifupi 31, koma pofika 2025 inkafanana ndi maola 24 okha. Boma lomwelo lomwe linaona kuti wogwira ntchito m'sitolo ayenera kukwezeredwa chaka ndi chaka linasiya waluso pa mlingo wakale. Ndi bwino kukumbukiranso kuti mliri uli pachimake mu 2020 boma linkapereka mayuro 350 pa sabata kwa aliyense yemwe ntchito yake inaima, kutanthauza kuti thandizo la aluso linayamba lili kale pansi pa mlingo womwe boma lenilenilo linaona kuti munthu angakhalire moyo. Ku Dublin, likulu la dzikolo, komwe lendi ya nyumba kwa wolowa kumene imapitirira mayuro 2,000 pa mwezi, ndalamayi singalipire ngakhale pogona pokha. Kumadera a kumadzulo kwa dzikolo imafika patali ndithu, mwakuti ndondomeko imodzimodziyo imatanthauza zinthu ziwiri zosiyana malinga ndi komwe munthu akukhala.

Nanga inagwira ntchito? Malipoti a unduna akusonyeza kuti, poyerekeza ndi gulu losalandira, olandira ankathera maola ochulukirapo pa luso lawo sabata iliyonse, anachepetsa maola a maganyu a kunja kwa luso, ankaika ndalama zambiri pogula zipangizo ndi kulipira malo ogwirira ntchito, ndipo chiwerengero cha omwe ankanena kuti ali ndi nkhawa kapena kukhumudwa chinali chocheperapo. Palibe chodabwitsa kuti munthu akapatsidwa ndalama nkhawa zake zimachepa. Chomwe chili ndi phindu ndi chakuti mantha omwe anthu ambiri amakhala nawo pa thandizo lopanda zomangira, akuti wolandira adzangokhala manja lende, sanaoneke m'zotsatirazo. Anthuwo sanasiye kugwira ntchito koma anasintha mtundu wa ntchito, kuchoka koperekera zakudya m'malesitilanti kubwerera ku chinthu chomwe anaphunzira ndi kuchidziwa. Ndikuona kuti apa ndi pomwe pagona phindu lenileni la ndondomekoyi. Thandizo la mtundu wakale limagula chinthu chomalizidwa, kaya ndi sewero, chimbale kapena chionetsero, pomwe ili limagula nthawi, ndipo nthawi ndiyo munthu waluso amasowa kwambiri. Buku limalembedwa kwa miyezi yambiri yomwe palibe amene amailipira, ndipo woyimba amayeserera maola osawerengeka asanakwere pasiteji kwa ola limodzi lolipidwa.

Mu Sepitembala 2025 kunatuluka kafukufuku wa kampani ya Alma Economics wonena kuti pa yuro iliyonse yomwe boma linaika mu ndondomekoyi, dziko linapindula ndi mayuro 1.39. Chiwerengero chimenechi chabwerezedwa kwambiri m'manyuzipepala, ndipo ndikupempha owerenga kuti achigwire mosamala. Sichikutanthauza kuti ndalamazo zinabwerera m'thumba la boma ndi chiwongoladzanja. Gawo lina ndi ndalama zenizeni, monga misonkho yomwe olandira analipira ndi thandizo lina la boma lomwe anasiya kulandira, koma gawo lalikulu ndi mtengo womwe akatswiri a zachuma anaika pa kupepukidwa mtima kwa olandirawo. Kuwerengera kotere ndi kovomerezeka pa ntchito yawo, ndipo sindikunyoza mtendere wa mumtima ngati chinthu chopanda pake, koma namwino kapena mlimi akanapatsidwa mayuro 325 pa sabata nayenso akanapepukidwa mtima chimodzimodzi. Choncho chiwerengerocho pachokha sichiyankha munthu wofunsa chifukwa chomwe aluso ayenera kulandira pomwe ena sakulandira. Yankho labwino ndi lakuti ntchito ya luso, mwa chikhalidwe chake, ili ndi nthawi yaitali yosalipidwa ndi malipiro osadziwika tsiku lobwera, ndipo anthu onse amadya zipatso zake popanda kulipira mtengo wake wonse. Ndikadakonda kuti oteteza ndondomekoyi aziima pa mfundo imeneyo kusiyana ndi kudalira 1.39.

Pali cholakwika chimodzi chomwe sindingachipepuse. Popeza ndalamayi imawerengedwa ngati phindu la ntchito, imakhudza thandizo lina la boma lomwe limaperekedwa poyang'ana zomwe munthu amapeza, kuphatikizapo la anthu aulumali. Aluso aulumali anachenjeza kuyambira pachiyambi kuti kulandira mayuro 325 kungachepetse thandizo lawo la ulumali ndi kuika pachiswe zinthu zina zomwe zimayendera limodzi ndi thandizolo, pomwe moyo wa munthu waulumali ndi wokwera mtengo kale kuposa wa ena. Zotsatira zake n'zakuti munthu yemwe akufunikira thandizo koposa ndiye amapindula pang'ono kuposa mnzake wopanda ulumali, ndipo amayenera kuyamba wawerengera ngati kulandira zaka zitatu kuli koyenera kutayira chinthu chomwe amadalira moyo wake wonse. Vutoli linachokera pa kusagwirizana kwa malamulo a maunduna awiri, ndipo linali loti likanakonzedwa mafomu asanatsegulidwe.

Ena amati Ireland inali kale ndi njira zothandizira aluso ndipo iyi ndi yongowonjezera. N'zoona kuti kuyambira 1969 olemba, opeka nyimbo, ojambula ndi osema salipira msonkho pa ndalama zochokera ku ntchito zawo, mpaka mlingo wa mayuro 50,000 pa chaka monga malamulo alili masiku ano, ndipo kuyambira 1981 kuli bungwe la aluso lotchedwa Aosdána lomwe mamembala ake osapitirira 250 angathe kulandira ndalama ya chaka ndi chaka. Koma kukhululukiridwa msonkho kumathandiza yekhayo amene wapeza kanthu koti akhomerepo msonkho, ndipo sikukhudza wazisudzo kapena wovina yemwe amasewera ntchito yopekedwa ndi wina. Ku Aosdána munthu amalowa pochita kusankhidwa ndi mamembala omwe alimo kale, ndiye kuti ndi malo a anthu omwe dzina lawo linamveka. Ndondomeko yatsopanoyi inafika kwa omwe njira ziwirizo sizinkawaona.

Mapeto a zaka zitatu nawo sanayendetsedwe bwino kwenikweni. Nthawi yolandira inayenera kutha mu Ogasiti 2025, ndipo olandira anafika chapakati pa chakacho asakudziwa ngati thandizo lipitirira, kufikira pomwe nduna yatsopano, Patrick O'Donovan, inalengeza kuti awonjezera miyezi isanu ndi umodzi mpaka Febuluwale 2026. Ndondomeko yomwe cholinga chake ndi kuchotsa nkhawa siyenera kubweretsa nkhawa ina kumapeto kwake, makamaka kwa munthu yemwe anasiya ntchito ya tsiku ndi tsiku kapena kusaina lendi ya chipinda chogwiriramo ntchito podalira ndalamayo. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo waluso sangakonze za chaka chamawa pa lonjezo lomwe silinalembedwe. Mu bajeti yomwe inawerengedwa mu Okutobala 2025 boma linalengeza kuti ndondomekoyi ikhala yokhazikika kuyambira 2026, ndipo ndi zoyamikirika kuti ganizo lomwe linayamba pansi pa nduna ya chipani china linapitirizidwa ndi nduna ya chipani chosiyana nacho, chinthu chomwe sichichitika kawirikawiri pa nkhani za chikhalidwe.

Kwa munthu waluso wokhala ku Ireland yemwe akulingalira zopempha, ndinganene mosakayika kuti apemphe, pokhapokha ngati amalandira thandizo la ulumali kapena lina loyang'ana zomwe munthu amapeza, pomwe ayenera kuyamba wafunsa bwino momwe zidzamukhudzire. Kwa oyendetsa ndondomekoyi, ndikadakonda kuti ndalamayo izikwera limodzi ndi malipiro otsikitsitsa, ndiponso kuti chiwerengero cha olandira chiyandikire chiwerengero cha oyenera, chifukwa anthu oposa 6,000 omwe boma lenilenilo linavomereza kuti ndi aluso enieni anabwerera chimanjamanja. Mwa iwowa, amene ndimawaganizira kwambiri ndi anthu 1,000 a gulu loyerekezera aja. Kwa zaka zitatu ankalemba maola awo, ndalama zawo ndi nkhawa zawo miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, akulandira mayuro 650 pa chaka, yomwe ndi ndalama ya milungu iwiri yokha ya anzawo, ndipo umboni wonse womwe boma linaimirapo polengeza kuti ndondomekoyi ipitirire unachokera pa kusiyana kwa moyo wawo ndi wa omwe anachita mwayi. Ndikanakhala kuti ndine wolemba malamulo a gawo lotsatira, ndikanayamba ndi maina awo maere asanachitike.